Ukafunse Makina Aja za Matenda a Amayi Ako

Mabvuku, Lamulungu masana

Malita mwana wanga,

Pamene ndikulemba pano iwe wapita ku komboni ya Mufakose kukatsanzika azakhali ako, amayi ako agona pang'ono, ndipo sutikesi yako ili kale pakhomo. Mawa ukwera ndege ya ku Blantyre, kenako ina ya ku Mangalande kukaphunzira udokotala. Ndikanatha kukukhazika pansi n'kukuuza zonsezi pakamwa, koma umandidziwa bambo ako. Ndikayamba kulankhula ndimapsa mtima pakati, iwe n'kuyamba kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye ndalemba. Kalatayi ndiilowetsa m'thumba la jasi lija anakupatsa amayi a ku mpingo, ukaipeza kukayamba kuzizira.

Za kupemphera, za anyamata, za kuvala zofunda, amayi ako akuuza kale mpaka makutu ako atopa. Ine pempho langa ndi limodzi. Kumene ukupitako kuli makina, aja amati kompyuta, amene amasunga mayina a nkhani zimene madokotala a m'mayiko onse amalemba. Ukapite kwa makinawo ukawafunse za matenda a amayi ako. Koma kufunsa kwake kuli ndi njira, ndipo ine njirayo ndinaiphunzira mogwa ndi kudzuka pa zaka zimene ndakhala ndikusanja mabuku mu laibulale ya madokotala m'tauni muno. Sindifuna kuti ukagwe m'maenje amene ndinagwamo ine.

Matendawa wawaona ndi maso ako kuyambira uli ku pulaimale. Amayamba ndi matuza akuda a magazi m'kamwa ndi pa lilime, kenako kamfuno wosaleka, uja anzathu achishona, eni dziko lino, amati mhuka, kenako timadontho tofiira thupi lonse. Madokotala amawatcha onyalai, dzina limene akuti linachokera ku Angola. Amawaika magazi amayi ako, matenda n'kubisala, ife n'kuiwala, kenako tsiku lina n'kubweranso osagogoda. Chimene chimawayambitsa akuti sachidziwa. Kale magazi ankapezeka msanga. Masiku ano ovulala pa nkhondo ya m'dziko muno achuluka, ndipo ulendo wathawu, paja iwe unali ku sukulu yogonera, tinadikira pabenchi mpaka amalume ako anachita kuchoka ku ntchito ku Willowvale kudzapereka awo. Sitinakuuze chifukwa unali pa mayeso. Ndikuopa, Malita. Ndikukuuza poyera kuti ndikuopa ulendo wotsatira.

Uyambe wadziwa chimene chinandigwira mtima pa ntchito yangayi. Mwezi uliwonse kumabwera buku lonenepa lochokera ku Amereka, ngakhale masiku ano limachedwa chifukwa mayiko akunja anatitsekera njira, ndipo limachita kuzungulira ku Joni. M'bukumo mulibe nkhani ngakhale imodzi. Muli mayina okha a nkhani, amene anazilemba, ndi magazini imene zikupezekamo, timizere tating'onoting'ono tothithikana. Poyamba ndinkangolipukuta fumbi. Tsiku lina mayi wachizungu wokalamba amene amayang'anira laibulale, amene tonse timangowatcha a Misisi, anandiitana nati, "Phiri, kamzere kalikonse apa ndi munthu amene anakhala pambali pa bedi la wodwala n'kulemba zimene anaona." Ndinakhala chilili. Wina ku Japani, wina ku Indiya, wina ku Bulazilo, anthu osadziwana, osamvana zinenero, onse akulimbana ndi imfa imodzimodzi, ndipo pali ena amene anakhala pansi kuwasonkhanitsa m'buku limodzi kuti ine mwana wa ku Dedza ndiwapeze ndi chala changa. Mpaka lero ndikalitsegula bukulo ndimayamba ndapukuta m'manja.

Kupusa kwanga koyamba kunali kuthamanga ndisanamve. Dokotala wina wachinyamata anandiuza kuti ndimupezere za malungo. Ine pofuna kuoneka wakhama ndinadzaza ngolo yonse ya mabuku, n'kuikankha thukuta lili kamukamu mpaka pa tebulo pake. Munthu uja anaseka mpaka kuvula magalasi. Iye ankafuna za malungo mwa amayi oyembekezera okha, ndiponso za mankhwala amodzi basi. Ndinabweza ngolo ija ndikutukwana chamumtima. A Misisi ndiwo anandiphunzitsa kuti funso umaliduladula usanakhudze buku: matenda ake ndi ati, mwa anthu ati, ndipo ukufuna kudziwa chiyani, chiyambi chake, kapimidwe kake, kapena mankhwala ake. Iwenso ukatero. Usakafike pa makina n'kunena kuti amayi anga amadwala magazi. Ukakhale pansi ndi pensulo, ukalembe mafunso awiri padera. Loyamba, nchiyani chimayambitsa matendawa. Lachiwiri, nchiyani chingaletse kuti asabwerenso. Ndiwe waliwiro ngati ine, n'chifukwa chake ndayamba ndi zimenezi.

Kupusa kwachiwiri kunandiwawa kwambiri chifukwa kunali pa amayi ako enieniwo. Atadwala koyamba, ndinayamba kutsalira nthawi ya chakudya cha masana kufufuza ndekha. Ndinafuna dzina lija la onyalai pa mitu ya m'buku, osalipeza. Ndinafuna pa kutuluka magazi m'mphuno, n'kupeza nkhani za ana ogwa panjinga ndi za anthu omenyedwa zibakera. Ndinatseka buku n'kunena kuti azungu sanalembe za matenda athu. Bodza! Analemba, koma bukulo lili ndi mawu akeake amene eni ake anagwirizana, ndipo nkhani iliyonse amaiika pansi pa mawu amenewo, osati pansi pa mawu amene iwe wabwera nawo kunyumba. Pali buku lina lopyapyala la mawu okhawokha, ndipo m'menemo mawu anawasanja ngati mtundu wa anthu: gogo pamwamba, ana ake pansi, zidzukulu pansi pake. Matenda a magazi ndi gogo. Pansi pake pali matenda a magazi osaundana. Pansi pakenso pali aja obwera chifukwa cha kuchepa kwa tizinthu tam'magazi timene timatseka bala. Amayi ako anali pamenepo, pakati pa abale awo, ine ndikuwafuna kumudzi kwa eni. Safunsa anadya phula, mwana wanga. Ndikanafunsa tsiku loyamba, sindikanataya miyezi yonse ija.

Choncho ukayambe ndi buku lopyapyalalo, osati ndi makina. Ukapeza mawu ako, ukayang'ane amene ali pamwamba pake ndi amene ali pansi pake. Ukapeza zochepa, kwera kwa gogo. Zikakuchulukira, tsikira kwa mdzukulu. A Misisi akuti makinawo ukhoza kuwauza kuti atenge liwu limodzi pamodzi ndi ana ake onse ndi zidzukulu nthawi imodzi. Ha! Ine ntchito imeneyo imanditengera sabata yathunthu, maso mpaka kuchita chidima. Ukumbukirenso kuti mawuwa amasintha. Chimene chaka chino achiika pa mutu uwu, zaka za m'mbuyo chinali pa mutu wina, ndipo bukulo limanena pansi pa liwu m'timalemba tating'ono. Timalemba timeneto usatidumphe monga umadumphira malangizo a pa botolo la mankhwala.

Makinawo ine sindinawaone, koma ntchito yake ndinaigwira m'manja. Dokotala wina wamkulu anali ndi funso lovuta la matenda a chiwindi, ndipo a Misisi analemba funsolo pa pepala n'kulitumiza kunja kudzera kwa mnzawo wa ku Joni. Panapita nthawi yaitali. Ine ndinali nditayamba kale kufufuza funso lomwelo pamanja, buku ndi buku. Tsiku lina envelopu yaikulu inafika. M'katimo munali chipepala chimodzi chachitali chopindapinda, cha timabowo m'mbali, ndipo titachitambasula chinachoka pa tebulo mpaka pansi. Zonse zimene ndinapeza ine zinalimo, ndi zina zambirimbiri zimene sindinazione. A Misisi anati makinawo ntchito yonseyo anaigwira munthu asanamalize kapu ya tiyi, kuchedwa konseko kunali kwa positi. Ndinakhala pansi, Malita. Sindinachite nsanje ayi. Ndinachita mantha okoma, aja amakugwira m'tchalitchi nyimbo ikakwera. Ndinati Ambuye, inu munapatsa anthu nzeru zotere, ndipo ife tili pano kutsekerana misewu ndi mfuti. Akuti kumene ukupitako simuchita kutumiza kalata. Munthu amakhala pa chinthu chonga taipi, n'kulemba, makina ali kutali n'kuyankha pompo kudzera pa waya wa foni. Mwana wanga weniweni akakhala pampando umenewo! Ndikaganiza zimenezi tulo timandithawa.

Pamwamba pa chipepala chija panali polembedwa momwe funso analifunsira, ndipo ndinapempha kuti ndikopere. Makinawo amamva timawu titatu: kapena, ndi, kupatula. Ndikufotokozere monga ndinamvera ine. Utaima pa siteji ya basi pano pa Mabvuku n'kukuwa kuti a ku Dedza kapena a ku Ntcheu abwere, pabwera chikhamu. Ukati amene ali a ku Dedza ndiponso ndi amayi, patsala ochepa. Choncho mayina onse a chinthu chimodzi umawamanga ndi kapena, kuti pasatsale wina kunja. Ukamanga mitolo iwiri kapena itatu yotero, umailumikiza ndi ndi, kuti patsale okhawo amene ali m'mitolo yonse. Usakathire zonse mu mzere umodzi. Mtolo uliwonse pawokha, ukaone kukula kwake, kenako ukalumikize. Zikatuluka zopanda pake udzadziwa mtolo umene walakwa.

Kachitatu kaja, kupatula, ukakaope. Ine kanandipweteka ndilibe n'komwe makina. Pofufuza za amayi ako ndinkati nkhani iliyonse yotchula ana ndiidumphe, poti mkazi wanga ndi munthu wamkulu. Ndinkadziona wochenjera, wosunga nthawi. Patapita chaka dokotala wa amayi ako ananditchulira nkhani ina yothandiza, ine n'kukaipeza pa tsamba limene ndinalidutsa kale ndi chala changa chomwechi. Inkanena za ana ndi akuluakulu omwe. Pothamangitsa ana ndinathamangitsa ndi amayi awo. Makinawo sadzakuchenjeza, amachita zimene wawauza basi. Kuli bwino ukawerenge mayina ambiri osafunika kusiyana ndi kutaya limodzi lofunika.

Ndikuchenjezenso za kusochera, chifukwa m'mabuku amenewa muli zokoma. Umapita kukafuna za magazi, diso n'kugwera pa nkhani ya munthu amene anamuika mtima wa mnzake, kenako ya mwana amene anamuona ali m'mimba asanabadwe, belu la kuweruka n'kulira iwe usanayambe. Zinandichitikira kangapo, ndipo sindidandaula kwenikweni, chifukwa ndinkafika kunyumba mutu uli wodzaza ndi zodabwitsa. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tsiku limene wapita chifukwa cha amayi ako, ukachite za amayi ako.

Tsopano ndikuuze cholakwa chimene chinanditayitsa nthawi yambiri koposa zonse. Pansi pa mutu uliwonse m'buku lonenepa lija, nkhani za m'Chingerezi zimayamba, ndipo kumapeto kumabwera zina zimene mayina ake anawatsekera m'timipanda, kusonyeza kuti zinalembedwa m'zinenero zina. Ine ndikafika pa timipandato ndinkatembenuza tsamba. Ndinkati nanga Chifalansa ndi Chipwitikizi ndichita nazo chiyani. Taona kupusa kwake! Matenda a dzina la ku Angola, ine n'kumadumpha Chipwitikizi. Ndipo tsidya la mpanda wathu pali a Zuze, aja amagwira ntchito ku fakitale ya nsapato ku Graniteside, amene anaphunzira Chipwitikizi kwa ansembe ku Tete. Munthu amene ndimabwerekana naye fosholo.

Tsiku lina ndinaona nkhani ina ya m'Chipwitikizi yonena za matendawa yatchulidwa kumchira kwa nkhani ya m'Chingerezi, paja olemba amatchula amene anawatsogolera. Ndinapempha a Misisi kuti aiitanitse. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nati, "Ndi ya akazi anu?" Ndinati inde. Sanafunsenso china. Inayenda ulendo wake wozungulira, ndipo itafika inali timapepala tochepa tojambula, totuwa, malemba ena osaoneka bwino. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinaitana a Zuze. Iwe unali ku sukulu. Tinakhala pakhonde, amayi ako ali pa mphasa akusenda nandolo, akuchita ngati sizikuwakhudza.

A Zuze anayamba kuwerenga, mzere umodzi m'Chipwitikizi, kenako m'Chichewa chawo chija cha ku Tete. Dokotala wina amene sitidzamuona, mwina anafa kale, ankafotokoza za odwala ake. Matuza akuda m'kamwa. Kamfuno. Lilime lolemera kutatsala tsiku limodzi kuti matuza atuluke. Atafika pamenepo amayi ako anasiya nandolo.

"A Zuze, tabwerezani pamenepo."

A Zuze anabwereza.

"Za lilimezo sindinauzepo munthu," anatero amayi ako. "Ngakhale a Phiri awa sindinawauze. Ameneyu wandiona kuti?"

A Zuze anavula chipewa. Munthu wa dziko lina, wa chinenero china, wa zaka zakale, anadziwa za m'kamwa mwa mkazi wanga zimene ine wogona naye nyumba imodzi sindinkazidziwa. Kumapeto dokotalayo analemba moona mtima kuti chiyambi cha matendawa sakuchidziwa. Ine ndinagwa mphwayi. Koma amayi ako anatola nandolo zawo nati, "Kani tilipo ambiri. Ndinkayesa ndine ndekha wolodzedwa." Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso kwa sing'anga uja wa ku Tafara amene ankawauza kuti anawalodza ndi azilamu awo, ndipo Khirisimasi yotsatira azakhali ako anadyanso m'nyumba muno. Ndiye iwe, makina akakakufunsa ngati ukufuna za m'Chingerezi zokha, ukakane. Kumeneko kuli ophunzira a mitundu yonse. Ukapeze a Zuze ako.

Nkhani ija inali yakale, ndipo apa ndi pamene mphamvu zanga zathera. Mchira wa nkhani umakubwezera m'mbuyo, kwa amene analemba kale. Ine ndikufuna kutsogolo. A Misisi akuti kunjako kuli mabuku ena, amene ife sitiwalandira, osonyeza anthu onse amene anadzatchula nkhani inayake pambuyo pake. Dzina la dokotala uja wa nkhani ya m'Chipwitikizi ndi chaka chake ndakulembera kuseri kwa tsamba lino. Ukafunse kuti ndani anamutchula. Mwina pali wina amene anatola pamene iye anasiyira. Mwina yankho lilipo kale, lakhala pa shelefu ina yake likudikira, ife kuno tikudikira magazi pabenchi. Ganizo limeneli ndi limene limandidzutsa m'mawa, ndipo ndi lomwenso limandipweteka.

Usawapembedze makinawo ngakhale ndawatama chotere. Akuti amasunga zaka zaposachedwa zokha, zakale umachita kupempha padera. Ndiponso timagazini tating'ono ta kuno kwathu, ta madokotala a m'zipatala za mishoni ndi za m'migodi, tambiri mulibe m'menemo. Ukatha ndi makina ukatsike ku chipinda chapansi kumene amasunga zakale, ukadetse manja. Woyang'anira laibulale ukamupatse ulemu ngati mphunzitsi wako, ukamuonetse mafunso ako usanakhale pampando, chifukwa iye amadziwa kumene makina amanama. Ndipo ukalembe mawu onse amene wafunsira, kuti pakatha miyezi ingapo ukafunsenso chimodzimodzi. Anthu aja sasiya kulemba.

Amayi ako adzuka tsopano. Andifunsa chimene ndikulemba chotalika chonchi, ndipo ndawauza. Akuti, "Muuzeni mwanayo asakalephere mayeso chifukwa cha ine. Akaphunzire za anthu onse." Ndalemba monga anenera kuti asati ndinabisa. Akunena zoona, ukayambe wakhazikika, ukadziwe njira ya ku kalasi ndi ya ku tchalitchi. Koma usakadikire mpaka chaka chithe. Iwo akulankhula ngati mayi, ine ndikulankhula ngati munthu amene amagwira beseni magazi akamatuluka.

Chimene ukapeze, ukanditumizire chonse, chokoma ndi chowawa chomwe, ine ndidzapita nacho kwa dokotala wawo. Usakandisankhire. Ngati alemba kuti mankhwala alipo koma kuno sangafike, undiuze, ndidzadziwa khomo loti ndigogode. Ngati alemba kuti matendawa amatha ndi imfa, undiuzenso, ndine munthu wamkulu.

Ndipo ngati ukafunse bwinobwino, mitolo yonse yomanga bwino, zinenero zonse, zaka zonse, makina n'kukuyankha kuti palibe china choposa chimene a Zuze anatiwerengera, usakalire pamaso pa azungu. Zikatero ndiye kuti palibe amene anapitiriza, ndipo anthu onga amayi ako akudwala m'makomboni ndi m'midzi popanda wowalemba. Ukamalize sukulu, ubwere kuno, udzakhale pambali pa bedi lawo ndi la ena onse, udzalembe ndiwe. Koma ufulumire, mwana wanga. Ndikufuna adzaimve nkhani imeneyo ndi makutu awo.

Yenda bwino, Mulungu akutsogolere.

Ndine bambo ako.